Galimoto yakale yaliwiro ikamatsamwa, musathamangire kugula pampu

Galimoto ikayamba kudukiza pachitunda, kapena ikakana kulira m'mawa pomwe sitata ikuzungulira bwinobwino, mawu oyamba kumveka pagalaja ndi akuti, "Pampu yafa, bwana." Mwini galimoto amakwera minibasi ya ku Lilongwe, n'kukazungulira mashopu a zipangizo, n'kubwera nayo pampu. Amakaniko aiika, galimoto yalira, aliyense wakondwa. Pakatha masabata atatu galimoto ija yaimanso pa Chinkhoma boneti ili yasa. Mwina pampu yoyamba inalidi itafa, koma chimene chinaipha chinatsala m'thanki momwemo, ndipo chadyanso yatsopano.

Galimoto zimene ndikunena pano ndi zija zazifupi, za zitseko ziwiri, zochokera ku Japan: Toyota Celica, MR2 ndi Levin, Nissan Silvia, Honda Prelude, ndi Mazda MX-5, imene ku Japan inatuluka mu 1989 ndi dzina loti Eunos Roadster. Zambiri mwa izi zapitirira zaka 25. Injini zake ndi zolimba, ndipo zikasamalidwa zimakana kufa. Chimene chimakalamba msanga ndi njira ya mafuta: mphira, mawaya ndi chitsulo cha thanki.

Njirayo njosavuta kuimvetsa. M'kati mwa thanki muli pampu yamagetsi yomira m'petulo, ndipo kunsi kwake kuli kasefa kooneka ngati kathumba kansalu, kamene amakaniko amati sitirena. Pampu imakankha mafuta kudzera m'paipi yachitsulo yodutsa pansi pa galimoto, mafutawo n'kulowa mu filita, n'kukafika pa paipi ina yachitsulo imene mainjekita (timavavu topopera mafuta m'injini) amalumikizikapo, yotchedwa rail. Kumapeto kwa rail kuli regulator, kavavu kamene kamasunga pulesha pamlingo wake n'kubweza mafuta otsala kuthanki kudzera m'paipi yachiwiri. Galimoto zambiri zakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kupita mtsogolo zilibe paipi yobwererayi, regulator yake ili m'thanki, ndipo manambala ake ndi ena. Zimene zili m'munsimu ndi za galimoto za mapaipi awiri.

Musanamasule bawuti iliyonse, tsimikizani kuti vuto ndi la mafutadi. Vuto la moto wa mapulagi kawirikawiri limabwera mwadzidzidzi: injini imazima ngati wina wakhotetsa kiyi, singano ya liwiro la injini n'kugwa pansi nthawi yomweyo. Vuto la mafuta limabwera mozemba. Injini imayamba yafooka, mukaponda moto imachita ngati ikuganiza kaye, mukachepetsa phazi imatsitsimuka, ndipo zimanyanya pachitunda, popitirira lole, kapena mukazungulira kona thanki ili pafupi kuuma. Ngati galimoto ikukana kulira, zulani pulagi imodzi muone ngati moto ukudumpha. Moto ukakhalapo, tsegulani paipi ya mpweya, poperani pang'ono mankhwala otsukira kabyuleta, mubwezeretse paipiyo, mulize. Injini ikalira masekondi awiri n'kuzima, ikukuuzani kuti ili ndi njala. Musathire petulo m'menemo ndi botolo. Injini ikatsokomola chobwerera, moto umatuluka pomwepo pali dzanja lanu.

Yambani ndi mafuta enieniwo

Kuno ku Kasungu, theka la mavuto amenewa limalowera pakamwa pa thanki. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo pambuyo pake panabweranso ina ku Chikwawa. Ethanol si mdani wa injini, koma ali ndi makhalidwe awiri ofunika kuwadziwa. Choyamba, amakonda madzi. Amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo madzi akachuluka kupitirira amene angathe kusunga, ethanol ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamalo enieni pamene pampu imayamwira. Petulo wotsala pamwamba amakhala wataya mphamvu yake yopirira kupanikizika, ndipo injini ya Toyota ngati 4A-GE kapena 3S-GE imayamba kulira ngati timisomali m'chitini mukaiponda pachitunda. Chachiwiri, ethanol amasungunula zinyalala zakale zimene zinamatirira m'thanki, ndipo amaumitsa kapena kufufumitsa mphira wakale amene sanapangidwire mafuta otere.

Onjezani pamenepo mmene galimoto zotere zimakhalira. Si galimoto yopitira kumunda. Imatuluka Loweruka, kapena paukwati, ndipo dzinja lonse imatha kukhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa msewu wa kunyumba wasanduka matope. Thanki yachitsulo yokhala ndi malita asanu okha imakhala yodzaza mpweya. Masana mpweyawo umatentha, usiku umazizira, mame n'kuchita m'makoma a thanki, n'kutsikira pansi. Miyezi itatu yotere ndi yokwanira kuyambitsa dzimbiri. Petulo amene wakhalitsa amasinthanso: amada ngati tiyi, fungo lake limakhala ngati la vanishi, ndipo amasiya utomoni umene umagwira pampu ndi mainjekita.

Kenako pali zigubu. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira m'zaka zapitazi, munthu amagula pamene wapeza. Chigubu chimene dzulo munali mafuta ophikira, madzi kapena dizilo, lero muli petulo, ndipo wothira amagwiritsa botolo lodula pakati, lomwe limagona pafumbi. Ogulitsa ena osaongoka amaonjezera palafini kuti malita achuluke. Kuyeza n'kosavuta ndipo sikulira ndalama. Tapani theka la lita kuchokera m'njira ya mafuta ya galimoto, muike m'botolo lagalasi loyera ndi louma, mulisiye pamthunzi mphindi 15. Petulo wabwino amakhala mbee, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mukaona mzere wopatula, kunsi kuli madzi otuwa kapena timadontho tozungulira pansi pa botolo, thanki yonse iyenera kukhuthulidwa. Mukaona tinthu tofiirira ngati ufa wa njerwa, ndi dzimbiri. Donthezaninso dontho limodzi papepala loyera: petulo amauma osasiya chizindikiro, koma palafini ndi dizilo amasiya banga lonona limene silichoka msanga.

Pogula m'chigubu, thirani kudzera m'faneli yokhala ndi kansalu kothinana, ndipo kapu yomaliza ya pansi pa chigubu muisiye. Kapu imeneyo ndiyo yanyamula zonse.

Kumva pampu, ndi kuyeza magetsi ake

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Anthu anazolowera kuti ukakhotetsa kiyi, pampu imalira "zzz" masekondi angapo injini isanalire. Honda ndi Nissan zimaterodi. Koma Toyota zambiri za nthawi imeneyo, ndiponso MX-5 yoyambirira ya injini ya 1.6, sizitero ayi: pampu imayamba pokhapokha sitata ikuzungulira kapena injini ikulira. Pa MX-5 imeneyi, kaswitchi kosunga pampu ili moyo kali m'kati mwa chipangizo choyezera mpweya, chimene chili ndi kachitseko kotseguka mpweya ukamalowa. Munthu wosadziwa zimenezi amatchera khutu, samva kanthu, n'kuiweruza pampu yamoyo.

Opanga anasiya njira yoyendetsera pampu injini ili chete. Pa Toyota ndi Mazda, pansi pa boneti pali kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Pa Toyota, lumikizani timabowo ta FP ndi +B ndi kawaya kakafupi, mukhotetse kiyi pa ON. Pa Mazda, lumikizani F/P ndi GND. Mayinawo alembedwa kunsi kwa chivindikiro cha kabokosiko. Werengani bwino, chifukwa kulumikiza malo olakwika kumapsereza fyuzi kapena kompyuta. Tsegulani chotsekera thanki muike khutu. Pampu yathanzi imang'ung'udza mofanana, osakwera osatsika. Yolira mokweza ngati udzudzu waukulu ikuvutika kuyamwa, ndipo kawirikawiri sitirena yatsekeka kapena mafuta achepa. Ikayenda ndi kawayako koma osayenda ndi sitata, pampu ilibe mlandu. Funani vuto pa relay, kaswitchi kamagetsi koyatsa pampu, ndi mawaya ake. Pa Honda, relay yaikulu ya pansi pa dashibodi imadziwika ndi nthenda imodzi: mtovu wa m'kati umang'aluka ndi ukalamba, ndiye galimoto ikakhala padzuwa la Okutobala mawindo ali otseka imakana kulira, ikazizira n'kulira ngati palibe chinachitika. Wodziwa kuwotcherera mawayilesi amaikonza mphindi khumi.

Pampu ikakhala chete ngakhale ndi kawayako, wina amenye pansi pa thanki ndi chikhatho kapena thabwa pamene magetsi ali oyatsa. Ikadzidzimuka n'kuyamba, makala a m'kati mwake atha, ndipo imeneyo ndi imfa yeniyeni. Ikufikitsani kunyumba koma musaidalire ulendo wa ku Mzuzu.

Magetsi muwayezere pa pulagi ya pampu yeniyeniyo, pampu ili yolumikizidwa ndipo ikuyenda. Ichi n'chofunika kwambiri. Mukazula pulagi n'kuyeza, mita yoyezera magetsi imaonetsa mavoti 12 ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi, chifukwa mita simakoka mphamvu. Pampu imakoka ma amp pafupifupi 4 mpaka 6, ndipo ndi pamenepo waya wodwala amaonekera. Mavoti a papampu asasiyane ndi a pabatire kupitirira voti imodzi. Kusiyana kochepera theka ndiye kwabwino. Pampu yolandira mavoti 10 imazungulira ndithu, imamvekanso, koma mafuta ake amakhala ochepa. Ngati mulibe mita, tengani babu la nyale yakutsogolo la 55 W mulilumikize pamalo a pampu. Limakoka mphamvu yofanana ndi pampu. Likawala kwambiri, mawaya ali bwino. Likafiira ngati khala, tsatani waya mpaka mutapeza pobiriwira. Musaiwale waya wa earth, amene amamangidwa ndi bawuti pathupi la galimoto pafupi ndi thanki. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mumange. Yang'ananinso mawaya a alamu akale. Galimoto zambiri zotere zinadutsa m'manja mwa anthu anayi kapena asanu, ndipo wina mwa iwo anadula waya wa pampu kuti aikepo swichi yobisika ya akuba, n'kungopotokola ndi kumata tepi.

Geji ya pulesha

Galaja imene imakonza galimoto za mainjekita popanda geji ya pulesha ya mafuta ikungolosera. Ndikunena mosabisa, chifukwa geji imeneyi mtengo wake ndi wochepera pampu ziwiri zogula pachabe, ndipo imayankha mafunso amene khutu silingayankhe. Kumasula paipi n'kuona mafuta akuthovoka si kuyeza. Pampu yofooka nayonso imathovola ikakhala kuti palibe choitchinga.

Musanalumikize geji, tsitsani pulesha. Injini ikulira, zulani relay kapena pulagi ya pampu, mudikire izime yokha, muzungulitse sitata kawiri, muzimitse kiyi, muchotse waya wa negetivu pabatire. Kulungani chiguduli pamene mukumasulapo. Mbaula, fodya, ndi babu lolendewera pa waya zikhale kutali; nthunzi ya petulo ndi yolemera, imayenda pansi, ndipo imakafika pamoto umene mukuuona ngati uli patali. Geji ilumikizidwe pakati pa filita ndi rail.

Manambala a Toyota ndi Mazda za nthawi imeneyi ndi oyandikana. Pampu ikuyenda ndi kawaya kaja injini ili chete, singano ikhale pakati pa 2.6 ndi 3.0 bar, kapena kuti 38 mpaka 44 psi. Injini ikamalira payokha osaiponda, pulesha imatsika kufika pakati pa 2.1 ndi 2.6 bar, chifukwa kapaipi kakang'ono kochokera ku manifold, chitsulo chogawira mpweya ku masilinda, kamakoka regulator. Zulani kapaipi kameneka mukatseke ndi chala: singano ikwere nthawi yomweyo ndi pafupifupi theka la bar. Ikapanda kusuntha, kapaipi kang'ambika kapena regulator yauma. Nunkhizaninso kapaipiko. Muyenera kukhala mouma. Mukapezamo petulo, kachikopa ka m'kati mwa regulator kabooka, injini ikumwa mafuta osayezedwa, n'chifukwa chake ikutulutsa utsi wakuda, mapulagi akuda bii, ndipo oilo akununkha petulo. Regulator yotere sikonzedwa, imasinthidwa, ndipo oilo nayenso asinthidwe.

Pulesha ikakhala yotsika, kulungani pulayala ndi nsalu, mufinye paipi yamphira yobwerera kuthanki kwa masekondi awiri kapena atatu basi. Chitani izi pa paipi imene idakali yofewa, youma imasweka. Singano ikalumpha kupitirira 4.5 bar, pampu ili ndi mphamvu, ndipo regulator ndiyo ikutaya mafuta msanga. Ikangokwawa pang'ono, vuto lili kumbuyo: filita, paipi yophwanyika, sitirena, magetsi, kapena pampu. Pulesha ikakhala yokwera kwambiri, chotsani paipi yobwerera pa regulator, muikepo ina yolowera m'chigubu. Ikatsika, paipi yobwerera yatsekeka kapena yaphwanyika penapake; ikakhala pomwepo, regulator yamata.

Za paipi yophwanyika ndiziimepo pang'ono. Galimoto zimenezi mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo misewu yathu ya kumidzi, ya ku Chamama kapena yopita ku Lifupa, ili ndi msana pakati ndi miyala yotuluka. Ngakhale mahampu a pa M1 amazikhula. Mwala umodzi umatha kuphwatalala paipi yachitsulo osaiboola. Injini ikamalira payokha imafuna mafuta ochepa, ndiye geji imaonetsa nambala yabwino. Mukaponda moto mafuta sakwanira. Lowani pansi ndi tochi, muyendetse zala pa mapaipi onse awiri kuchokera kuthanki mpaka kuinjini. Chala chimapeza chimene diso laphonya.

N'chifukwa chake pulesha yokha siyokwanira, yezaninso kuchuluka. Lozetsani paipi yobwerera m'botolo lokhala ndi mizere, muyendetse pampu masekondi 30 ndi batire yodzaza. Mutuluke theka la lita kapena kupitirira. Injini ya 1.6 mukaiponda mpaka pansi imamwa malita oposa 30 pa ola, ndipo pampu iyenera kupereka oposa amenewo ndi malo otsala. Ngati nambala zonse zili bwino koma galimoto ikufookabe pamsewu, tulutsani geji m'mphepete mwa boneti, muimange pa waipa kunja kwa galasi, mnzanu aziwerenga inu mukuyendetsa pachitunda. Paipi ya petulo isalowe m'kati mwa galimoto. Mukaponda, singano iyenera kukwera kufika cha pa 3 bar n'kukhala pomwepo. Ikamatsika pamene injini ikukwera, mafuta akuperewera.

Muyeso womaliza umafuna kudekha kwa woona maso a nkhono. Zimitsani injini muyang'ane singano. Pakatha mphindi 5 ikhale isanatsike kufika pansi pa 1.5 bar. Ikagwa msanga, ndicho chifukwa galimoto imavuta kulira ikatentha: mwaima pa Boma kugula zinthu, mwabwerera pakatha mphindi makumi awiri, sitata ikungozungulira. Pulesha ikachoka, petulo wa mu rail yotentha amawira n'kusanduka nthunzi. Otaya pulesha ndi atatu, ndipo mumawasiyanitsa ndi pulayala yomweyo. Kwezani pulesha, muzimitse pampu, mufinye paipi yochokera kuthanki cha kumbuyo kwa geji. Singano ikaima, kavavu ka m'pampu kapena kapaipi ka m'thanki ndiko kakubweza mafuta. Ikapitiriza kugwa, bwerezani mutafinya yobwerera. Ikaima, ndi regulator. Ikagwabe zonse ziwiri zili zofinya, injekita ina ikudontha m'silinda, ndipo pulagi ya silinda imeneyo muipeza yonyowa.

Filita ndiyo yotchipa pa zonse, koma ndiyo imaiwalika. Pa MX-5 yabisala pansi pa galimoto cha kumbuyo, kuseri kwa chivindikiro chapulasitiki, moti pali galimoto zimene zikuyendabe ndi filita yochokera nayo ku Japan. Pa Toyota zambiri ili m'chipinda cha injini, pamwamba yomangidwa ndi bawuti yobooka pakati yokhala ndi mawashala awiri amkuwa, kunsi ndi nati ya paipi. Natiyo imafuna sipanala yogwira mbali zonse. Sipanala wamba amaizunguza n'kuiphwanya makona. Mawashala amkuwa ikani atsopano nthawi zonse. Filita yakale musaitaye musanaifunse: igwedezeni, mukhuthulire pansalu yoyera kuchokera mbali yolowera mafuta, kapena muicheke pakati ndi sowo yamanja. Zimene zatulukazo ndi chithunzi cha m'thanki mwanu. Kuipopera mpweya n'kuibwezera n'kudzinamiza, chifukwa pepala la m'kati limang'ambika ndipo zinyalala zimapita ku mainjekita. Onaninso muvi wosonyeza kolowera mafuta.

M'kati mwa thanki

Ngati zonse zaloza kuthanki, itseguleni. Pa MX-5 ntchito njopepuka: kumbuyo kwa mipando, pansi pa kapeti, pali chitseko chachitsulo, ndipo pampu imatuluka chokwera. Pa MR2 thanki ili m'ngalande ya pakati pa mipando iwiri, pansi pa galimoto, ndipo kuti mufike papampu muyenera kuitsitsa yonse. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, choncho chilichonse chokayikitsa chisinthidwe ulendo umodzi. Musanamasule, tsukani fumbi lonse lozungulira chivindikiro, apo ayi dothi la zaka makumi awiri ligwera m'kati. Pokhuthula mafuta gwiritsani pampu ya galimoto yomweyo kapena kapampu kamanja, osati pakamwa.

Unikani m'kati ndi tochi yabatire yotsekedwa bwino. Pansi pa thanki yathanzi pamakhala potuwa ndi posalala. Yang'anani sitirena: ikakhala yofiirira, yolimba, kapena yofwapa ngati yayamwidwa, ndiyo inkanyonga pampu. Pampu imeneyi imaziziritsidwa ndi kufewetsedwa ndi petulo amene akudutsa m'kati mwake. Ikamayamwa movutika, kapena ikamameza mpweya chifukwa m'thanki muli malita atatu amene akuthawira mbali imodzi pakona, imatentha n'kudyeka. Chizolowezi chothira mafuta a ulendo umodzi wokha, chimene mtengo wa petulo watiphunzitsa tonse, chimapha mapampu ambiri kuposa ukalamba. Thanki ya MX-5 ya 1.6 imalowa malita 45. Kotala yake ndi malita 11, ndipo pansi pa pamenepo pampu ikugwira ntchito movutika.

Onaninso kapaipi kakafupi kolumikiza pampu ndi paipi yachitsulo ya chivindikiro. Kakang'ambika, pampu imapopera mafuta m'thanki momwemo, pulesha n'kutsika, ndipo pampu yabwino imatayidwa chifukwa cha mphira wotalika ngati chala. Kapaipi kameneka kamakhala komira m'petulo kunja ndi m'kati, ndiye kamafuna mtundu wolembedwa SAE J30 R10. Paipi wamba ya mafuta imapirira petulo m'kati mokha. Mukaimiza imafufuma n'kusanduka phala pakatha miyezi yochepa. Kunja kwa thanki, kumene kuli pulesha, gwiritsani yolembedwa R9, kawirikawiri ya mamilimita 8. Ya R7 ndi ya galimoto za kabyuleta. Zomangira zikhale zosalala m'kati zokhala ndi kabawuti, chifukwa zija zamano zimadula mphira, ndipo waya wopotokola alibe malo pa paipi ya 3 bar yodutsa pafupi ndi ekizozi.

Thanki yadzimbiri itsike. Ikhuthuleni, muitsuke ndi madzi a sopo kangapo, muikemo manati oyera, muigwedeze anthu awiri mbali zonse mpaka makoko a dzimbiri atasiya kutuluka. Werengani manatiwo polowetsa ndi potulutsa, chifukwa m'thanki muli timakoma totchinga mafuta ndipo nati imodzi imakonda kutsalira kuseri. Kenako thirani viniga wokwanira kuphimba padzimbiri, agonemo tsiku limodzi kapena awiri mukutembenuza, mutsuke ndi madzi osungunuliramo soda, muumitse padzuwa mpaka m'makona. Chitsulo chopalidwa chimayamba dzimbiri tsiku lomwelo, ndiye muibwezere n'kuidzaza petulo msanga. Ikaonetsa timabowo, kupeza thanki ina n'kwanzeru. Thanki ya petulo imaphulika pakuwotcherera ngakhale itakhala youma miyezi, ndipo yopanda mafuta ndiyo yoopsa kuposa yodzaza.

Pogula pampu, funani yofanana ndi yakale kukula, pulagi ndi mphamvu, ndipo sitirena ikhale yatsopano. Achinyamata okonda liwiro amathamangira mapampu a malita 255 pa ola poganiza kuti galimoto ithamanga kwambiri. Pa injini yosasinthidwa sipaonjezeka kanthu. Pampu yotere imakoka magetsi ambiri pa mawaya okalamba, imatha kupitirira mphamvu ya regulator n'kukweza pulesha injini ikamalira payokha, ndipo imazunguza petulo n'kumutenthetsa pachabe. Pomanga, onetsetsani waya wa pozitivu ndi negetivu, kamphira kokhalira pampu kabwerere, mkono wa choyandama cha geji ya mafuta usapindike, ndipo mphira wa chivindikiro ukhale watsopano ngati wakale wauma.

Pali vuto lina limene limanamizira pampu. Mafuta akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa. Njira yake ikatsekeka, kaya ndi fumbi, kaya ndi mavu omanga dothi m'kapaipi galimoto itaima nthawi yaitali, thanki imayamba kudzikoka. Galimoto imayenda bwino makilomita 20 kapena 30, n'kufooka, n'kuzima, mukadikira imaliranso. Ikatero tsegulani chotsekera thanki msanga. Mukamva mpweya ukukokedwera m'kati, ndipo galimoto n'kuyenda bwino chotsekeracho chili chomasuka, mwapeza. Konzani kapaipi kopumira kapena mugule chotsekera choyenera. Chiguduli kapena pepala lapulasitiki pakamwa pa thanki, m'fumbi la Kasungu la mwezi wa Seputembala, ndi kuthira mchenga m'pampu ndi manja anu.

Mainjekita abwere kumapeto, pamene pulesha ndi kuchuluka zatsimikizika. Ikani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita iliyonse, chogwirira pakhutu: imveke "tiki-tiki-tiki" mofanana ndi zinzake. Yezani ndi mita. Ambiri a injini zimenezi amaonetsa ma ohm 12 mpaka 16, ngakhale injini zina, makamaka za turbo, zili ndi a ma ohm 2 kapena 3, amene amapsa mukawapatsa batire mwachindunji. Chofunika n'chakuti onse afanane. Injekita yotsekeka pang'ono imalira bwino ndipo mita imaivomera, koma pulagi ya silinda yake imayera mbuu kusiyana ndi zinzake. Yotere imafuna makina otsukira, amene amaonetsanso m'mabotolo anayi ngati onse akuthira mofanana ndi kupopera ngati nkhungu. Mankhwala othira m'thanki amathandiza pa utomoni wochepa, koma dzimbiri salisungunula. Timphira ta mainjekita tisinthidwe nthawi iliyonse mwawazula. Tipakeni kaoilo pang'ono, mulowetse mopotoza, ndipo injekita ikakhala bwino imazungulira ndi zala. Yolimba gwa yatsina mphira.

Amene muli ndi galimoto yakale kwambiri ya kabyuleta, monga MGB, nzeru ndi yomweyi koma manambala ndi ena kotheratu. Kabyuleta imafuna pulesha yochepa, cha pa 0.2 bar, ndipo pampu ya galimoto ya mainjekita imakankha kasingano ka choyandama n'kusefukiza petulo pa injini yotentha. Pampu ya MGB, yotchedwa SU, imagogoda mofulumira mukakhotetsa kiyi, n'kuchepetsa, n'kuima mbale za kabyuleta zikadzaza. Ikamagogoda osaleka, ikuyamwa mpweya penapake kapena kabyuleta ikusefukira.

Zonse zikamangidwa, musalize injini kaye. Bwezerani batire, ikani kawaya kaja pa kabokosi, pampu iyende mphindi ziwiri, ndipo mudutse polumikizira paliponse ndi kapepala koyera kouma, kuyambira pachivindikiro cha thanki, pafilita, mpaka pa injekita iliyonse. Kapepala kamaonetsa chinyezi chimene diso silingaone pachitsulo chakuda. Chotsani kawayako musanatseke boneti, chifukwa kakatsalira pampu imapitiriza kupopa ngakhale injini itazima pangozi. Mukayenda makilomita 500 oyamba pa thanki imene munatsuka, chotsani filita, muicheke, muone pepala lake. Likatuluka loyera, ikani ina muziyenda. Likatuluka lofiirira, thanki itsikenso.